Morton ndi siponji ya mankhusu

Nditangofika ku Wovwe kudzayamba ntchito ya uphunzitsi, anandipatsa nyumba yoyandikana ndi ya a Morton Mwalweni. Ine kwathu ndi ku Ntcheu, Chitumbuka sindinkachimva nthawi imeneyo, ndiye munthu woyamba kucheza nane nthawi yaitali m'Chichewa anali iwowo. Ndinkayesa ndi mtima wabwino. Sipanatenge nthawi kuti ndizindikire kuti bambowo ankangofuna khutu latsopano, poti makutu onse a m'deralo anali atawatopetsa kale.

Anali munthu wamtali, wopesa bwino, wosavula jekete yoyera ya mtundu umene amavala a kuchipatala, ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Ankadzitchula kuti ndi katswiri wa mankhwala a m'mafakitale. Zoona zake ndinazimva kwa mkulu wawo, a Gregory. Ali mnyamata a Morton anagwirapo ntchito pa fakitale ina ya matiresi ku Blantyre, ndipo ntchito yawo inali yoveka nsalu pa siponji yodulidwa kale. Kuchipinda kosakanizira mankhwala ankangosuzumirako pawindo. Atawachotsa chifukwa chojomba, anabwerera kumudzi ndi jeketeyo komanso timawu tingapo ta Chingerezi timene ankatigwetsa paliponse, ngakhale pamaliro.

Munda wa mpunga anali nawo mu sikimu ya ulimi wothirira, koma amene ankaponda matopewo anali akazi awo, a Thelma, amene aliyense ankawaitana kuti a NyaMsiska. Mayi ameneyu ankaoka, kupalira, kuingitsa mbalame ndi kumweta yekha. A Morton ankati msana wa munthu woganiza suyenera kuwerama.

Tsiku lina tikudutsa kuseri kwa chigayo cha mpunga, anandiimitsa n'kuloza chimulu cha mankhusu.

"Madamu, mukuona chiyani apo?"

"Mankhusu," ndinatero.

"Ndiye vuto la anthu a kuno limenelo, ngakhale inu ophunzira. Mukuona zinyalala. Ine ndikuona matiresi a dziko lonse lino."

Nzeru yawo inali yakuti munthu akapera mankhusu n'kuwathira m'mankhwala opangira siponji, atulutsa matiresi olimba, osaphwa msanga, osatenthetsa thupi. Ankati palibe munthu padziko lapansi amene anaganizapo zimenezi, ndipo akangomaliza akatenga patenti. Mawu amenewa anali asanamveke m'deralo, ndiye ankawamasulira mokondwa kwa aliyense: chilolezo cha boma chonena kuti chinthu ichi anatulukira ndi uje, wina aliyense asachipange popanda kugwada kwa mwini wake. Kugwadako ndiko kunkawasangalatsa. Za matiresi enieniwo sankazilankhula kwambiri, koma za mabwana a ku Dar es Salaam amene adzafole pakhomo pawo atavula zipewa.

Anagulitsa ng'ombe yolimira, imene kwenikweni inali ya a NyaMsiska, n'kuwoloka Songwe kupita ku Mbeya. Anabwerako ndi zigubu za mankhwala a mitundu iwiri, ena oyera ngati mafuta ophikira, ena akuda bii. Chinthu choyamba chimene anachita atafika ndi kupala ndi mpeni zonse zolembedwa pazigubuzo, kuti anthu asawerenge. Kenako anakhomerera makatoni pamawindo a chipinda chakumapeto, n'kugula loko wamkulu. Nyumbayo inali ya malemu bambo awo, ndipo chipinda choyandikana ndi chimenecho ndi mmene a Gregory ankasungiramo mbewu yawo ya mpunga.

Mankhwala aja akakumana m'ndowa amatutumuka ngati ufa wa mandasi wothira yisiti, koma mothamanga, n'kusanduka thovu lotentha limene pambuyo pake limauma n'kukhala siponji. Fungo lake limalasa pakhosi. Ku fakitale anthu amagwira ntchito imeneyi atavala zotchinga kumaso, pamalo popita mphepo, ndipo a Morton ankadziwa zimenezi bwino lomwe, poti anaziona ndi maso awo pawindo lija. N'chifukwa chake, ndikuganiza, anagawa ntchito motere: a NyaMsiska m'kati akutakasa ndi mthiko, chitseko chotseka, iwo panja ataima ndi wotchi m'manja, ati akulondera akuba nzeru.

"Takasani mwamphamvu, a NyaMsiska! Musaime!" ankakuwa choncho ali pabwalo, mphepo ikuwapita bwinobwino.

Ine ndinkamva kutsokomola kwa mayiyo ndili kwanga. Ndinawafunsa tsiku lina tikutunga madzi chifukwa chimene ankalolera.

"Nanga n'tani, Madamu? Ng'ombe inapita kale. Mwina zikatheka tigula ina."

Matiresi oyamba anatuluka ngati chigumu chopsa mbali imodzi: kuno kolimba ngati njerwa, uko kofumbutuka ukangokhudza. Achiwiri anaoneka bwinoko. A Morton anawasokera nsalu ya maluwa, ndipo apa pokha ndiwayamikire, kusoka ankatha. Anakawapereka kwa a Comfort, mphunzitsi mnzanga amene anali atangokwatira, kuti awayese. Sabata isanathe a Comfort anawabweza panjinga. Mankhusu ankabowola nsalu n'kumawabaya, ndipo makoswe anali atazindikira kuti m'matiresimo muli fungo la mpunga. A Morton anauza anthu kuti a Comfort ndi munthu wozolowera mphasa, thupi lawo silingamve kukoma kwa chinthu chamakono.

Kenaka ananyamuka ulendo wokatenga patenti ija. Anachapitsa jekete, natenga kachidutswa ka siponji kokulunga m'mapepala apulasitiki ngati nyama. Zimene zinachitika kumeneko anatifotokozera okha, monyadira, osadziwa kuti akudzivula. Ku ofesi yoona za zimenezi anakumana ndi mayi wina amene anawalandira mwaulemu. Mayiyo anawauza kuti wofuna patenti amayenera kufotokoza poyera mmene chinthu chake chimapangidwira, muyeso uliwonse, kuti akatswiri aone ngati n'chatsopanodi. Anawatembenuziranso kompyuta n'kuwaonetsa kuti nkhani yothira zotsalira za mbewu m'siponji anthu a m'maiko ena anaiyesa kalekale, ena mpaka anatengerapo mapatenti. Anawalangiza kuti akawerenge kaye zimenezo, mwina apeza pamene iwo angasiyanitse.

"Ndiye ndinangoseka," anatero a Morton, titakhala pakhonde la chigayo. "Ndinati, mayi, mukufuna ndikuuzeni chinsinsi changa kuti mukagulitse kwa azungu? Ndinanyamula siponji yanga n'kutuluka."

"Nanga zimene anakuonetsani pakompyutazo?" anafunsa a Gregory.

"Zimenezo ndiye umboni, akulu. Nzeru yanga inawafika kale. Pali wina kuno amene akuulula."

Kuyambira tsiku limenelo anayamba kuyang'ana aliyense ndi diso lokayika, ngakhale ine, chifukwa ndinali ndi foni yotha kujambula. Pachitseko cha chipinda chija analembapo ndi choko kuti patenti ili m'njira.

Uku a NyaMsiska chifuwa chinali chitakula. Munthu amene ankasenza thumba la mpunga kuchokera kumunda osapumira anayamba kuima kawirikawiri popita kumjigo, akulira m'chifuwa ngati mwana wa mphaka. M'manja munatuluka zidzolo. Tsiku lina anagwa pabwalo akubanika, ndipo ine ndi mayi wina woyandikana nafe tinawatengera kuchipatala pa njinga ya kabaza. Namwino amene anatilandira, a Sheila, anali wa ku Zomba, munthu wosazungulira polankhula. Atamva za chipinda chotseka chija anaitanitsa amuna a wodwalayo.

A Morton anafika atavala jekete yawo, n'kupereka moni kwa namwinoyo ngati mnzawo wa ntchito.

"Bambo, mankhwala amene mayiwa akhala akupuma dzina lake n'chiyani?" anafunsa a Sheila.

"Zimenezo sindinganene, sisitala. N'zotetezedwa."

"Sindikufuna kupanga matiresi ine. Ndikufuna kudziwa chimene chawononga mapapo a akazi anu."

"Amenewa chifuwa n'cha kumtundu kwawo. Amayi awo ankatsokomolanso."

A Sheila anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenaka anatembenukira kwa wodwalayo n'kumuuza kuti akadzalowanso m'chipindamo, tsiku lina sadzafika n'kuchipatala komwe. A NyaMsiska anagona kumeneko masiku angapo. Atatuluka anauza amuna awo, ine ndili pompo, kuti mthiko uja sadzaugwiranso.

"Yayi, adada. Ndakana. Takasani nokha."

A Morton anadandaula kwa aliyense kuti mkazi wawafooketsa pa nthawi imene zinthu zimati zitheke. Koma anali atalonjeza kale anthu a pamsika kuti aona chimatiresi chachikulu chimene sichinaonekepo, ndiye anakhoma chibokosi cha matabwa chotalika mpaka m'chiuno, n'kuganiza zothira mankhwala onse otsala nthawi imodzi. Inali nyengo ya mvula, mankhusu anali a chinyezi. Wina aliyense amene anagwiradi ntchito imeneyi akanawauza kuti madzi amawonjezera ukali wa mankhwalawo, ndiponso kuti chisiponji chachikulu chimasunga kutentha m'kati mpaka chimatha kuyaka chokha. Koma a Morton sankafunsa munthu, poopa kuti funso lingaulule chinsinsi.

Linali Loweruka m'mawa. Kwa nthawi yoyamba katswiri uja analowa yekha m'chipinda chake. Sanakhalitsemo. Anatuluka akutsokomola, misozi ili chuchuchu, natseka loko, n'kuika kiyi m'thumba la jekete. Atapezako mpweya anauyamba wa kumsika kukaitana anthu kuti madzulo adzaone zodabwitsa.

Chakumasana a NyaMsiska anali pakhonde panga tikusankha nyemba, pamene tinaona utsi ukutuluka m'mphepete mwa malata. Sunali utsi wa nkhuni. Unali wakuda, wolemera, wonunkha moti mayiyo anayamba kubanika pomwepo, ndipo ndinawakokera kuseri kwa nyumba yanga. Anthu anathamanga ndi ndowa kuchokera kungalande, koma chitseko chinali chokhoma, mawindo otchinga. A Gregory anachita kuthyola ndi nkhwangwa. Pamene ankatsegula n'kuti moto utagwira kale mitengo ya denga n'kulowa m'chipinda cha mbewu. Palibe anafa, palibe anapsa kwambiri. Koma theka la nyumba ya bambo awo linatha, pamodzi ndi mbewu yonse ya a Gregory.

A Morton anafika moto utazilala, gulu la anthu a kumsika lili pambuyo pawo. Sanafunse za akazi awo. Sanayang'ane n'komwe matumba a mbewu amene ankafukabe. Anaima pa chitseko chothyokacho n'kufunsa mokweza:

"Wathyola ndani apa? Analowa ndani? Aona chiyani m'katimu?"

A Gregory anali atakhala pansi, nkhope yonse mwaye. Anadzuka pang'onopang'ono, ndipo tonse tinkayesa kuti awamenya. Koma anangowayandikira n'kunena motsitsa mawu:

"Ndathyola ndine, Morton. Ndaona phulusa. Kalembetse patenti ya limenelo."

Mawa lake a Morton anali atapeza kale nkhani: makampani akuluakulu a matiresi anatuma munthu kudzatentha. Ena ankaseka, ena ankangochoka. Iwo ankaona ngati anthuwo achita mantha ndi kukula kwa adani awo.

A NyaMsiska anatengedwa ndi mchimwene wawo, a Anthony, kupita kwawo ku Hara. Kumeneko anawapatsa kachigawo ka munda, ndipo amalima, ngakhale kuti sangathenso kugwira ntchito tsiku lonse. Amayenda ndi kamankhwala kopopera m'kamwa. Akadutsa pamene akupenta nyumba kapena pamene awotcha mapulasitiki, chifuwa chimatseka. A Sheila anati zimenezi n'zamuyaya.

Chaka chatha pa tchuthi ndinapita kukawaona, ndipo mwangozi tsiku lomwelo kunabweranso a Morton, ulendo wawo woyamba chichokereni mkaziyo. Ndinaganiza kuti mwina munthu uja wakhwima nzeru, wabwera kudzapepesa. Anakhala pampando umene anawapatsa, nafunsa za mvula, kenaka anasendeza mpandowo kufupi n'kutsitsa mawu, akundiyang'ana ine m'mbali.

"A NyaMsiska, pali anthu ena a ku Ngara amene ndikukambirana nawo zopanga zoyandamitsira maukonde. Ndiye ndimati ndidziwe. Muyeso uja, wa mankhwala ndi mankhusu, simunauzeko munthu?"

Mayiyo anapitiriza kupeta mpunga wawo.

"Ndinauza anthu ambiri, adada. Ndinauza anamwino. Ndinauza amayi a kutchalitchi, ndinauza achimwene, ngakhale Madamu awa ndinawauza. Aliyense wondifunsa za chifuwachi ndimamufotokozera zonse, kuyambira pothira mpaka potakasa."

A Morton anachita kuimirira. "Ndiye akupanga ndani?"

"Palibe. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunako."

A Morton anakhalanso pansi, nafunsa ngati mpunga umene unkapetedwawo unali wophika masana omwewo. A Anthony anawauza kuti minibasi zopita ku Wovwe zimavuta masana, ndi bwino anyamuke kudakali m'mawa, ndipo anawaperekeza okha mpaka kumsewu.