Kokonati Wachiwiri wa a Eleuterio

Bambo anga, a Eleuterio Mosquera, apalasa bwato pa mtsinje wa Atrato moyo wawo wonse. Ananyamula nthochi, nkhumba, akwati ngakhale maliro, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anamugwetsera m'madzi. Lero anthu akawaona pakhonde amapukusa mitu, ati mkuluyu nzeru zinatha. Mawu amenewo amandiwawa. Dokotala wa ku tauni ya Quibdó anati ndi matenda oiwala a ukalamba. Ine ndimati bambo sanasiye ntchito, akungopalasa chokwera mtsinje, kubwerera kumene anachokera.

M'mawa ndikamawapatsa khofi ndimafunsa, "Lero takocheza pati, akapitawo?"

Tsiku lina amakhala ali m'chaka cha chigumula, akukalipira anyamata kuti amange katundu. Mawa lake ndi mnyamata wotchena, akukafunsira mayi anga a Casilda, amene tinawaika m'manda kalekale. A Tránsito, gogo woyandikana nafe, sachedwa kuwaputa.

"Achimwene, Casilda angalole chimphuno chimenecho?"

"Nsanje basi. Iwe wakufunsira ndani, ng'ona?"

Tinkaseka, koma ine ndinali ndi chilonda mumtima. Paliponse pamene bwato lawo linkaima, ine Nereida, mwana wawo womaliza, ndinali ndisanabadwe. Ankanditchula kuti mayi, ngati mlendo. Ndinkangofuna andidziwe kamodzi kokha asanapite kutali.

Loweruka lina pochokera kudoko ndinawapeza kuseri kwa nyumba akukumba ndi chikwanje, pambali pali kokonati wophuka. Kwathu kuno mwana akabadwa, bambo ake amakwirira mchombo wake n'kudzalapo mtengo. Mtengo wanga unali pomwepo, wautali kuposa denga, koma iwo sankauona.

"Mayi, tandigwirirani apa," anatero, thukuta lili kamukamu. "Casilda wachira m'mawa uno."

Ndinagwada m'matopemo. "Mwana wanji?"

"Wamkazi. Anzanga kudoko akundiseka, ati Eleuterio, nkhafi udzasiyira ndani? Mbuzi za anthu. Sanamuone manja. Wandigwira chala chonchi, osasiya. Ameneyu mtsinje udzamumvera."

Boti la injini lopita ku Quibdó ndimayendetsa ndine, mkazi woyamba padoko lathu. Tsiku limene ndinayamba, bambo akadali bwinobwino, anabwera kudoko. Anangokoka mfundo ya chingwe changa kuti aone ngati yalimba, n'kuchokapo. Zaka zonsezi ndinkayesa kuti sanakondwe.

"Mwamutcha ndani?" ndinafunsa.

"Nereida." Analitchula pang'onopang'ono, akutsendera dothi ndi zikhatho. "Mudzamumva ameneyu, mayi. Musaiwale dzinalo."

"Sindiiwala, bambo."

Pofika masana anali atapalasa kale kupita kwina, akufunsa ngati mayi awo abwera kumunda. Nkhope yanga sanaizindikire, mpaka lero sakuizindikira, ndipo ndinasiya kudikira zimenezo. Kokonati uja anagwira, masamba ake afika kale m'chiuno mwanga. Amene akuti nzeru zinatha abwere adzaone kuseri kwa nyumba yathu. M'mudzi muno ndine ndekha mwana amene bambo ake anamudzalira mtengo kawiri.