Lisensiyatura Yanga ya Kukumba Maenje

Ndikukumbukira kuzizira kwa ku Tsangano chaka chimene sukulu yathu inatsala makoma okha. Denga analiotcha anthu a mfuti ochokera m'tchire, ndipo aphunzitsi athu anawolokera ku Malawi osatsazika, chifukwa masiku amenewo nkhondo ikalowa m'mudzi, munthu woyamba kufunsidwa dzina anali mphunzitsi. Tinakhala miyezi yambiri tikungoweta mbuzi. Choncho tsiku limene kunafika bambo wamtali, wovala jekete yothina m'khwapa, nkunena kuti iwo ndi apulofesolo Bonifasiyo ochokera ku univesidade ya ku Maputo, makolo athu anathokoza Mulungu mokweza. Inenso ndinathokoza. Ndinali mnyamata wamkulu ndithu, koma ndinkangodziwa zilembo zochepa, ndipo ndinkalakalaka kutsegula buku la nyimbo m'tchalitchi nkumayimba maso ali pa pepala ngati akuluakulu.

Apulofesolo sanayambe ndi zilembo. Anatikhazika pa njerwa zozizira, mphepo ikuwomba m'mazenera opanda kanthu, nkuyamba kutiuza mbiri ya depatamento yawo ya sayansi. Anati inayamba m'nthawi ya Apwitikizi, m'chipinda chimodzi chokhala ndi mabotolo owerengeka, ndipo ankalowamo ndi ana a azungu okha. Ufulu utabwera, azungu aja ananyamuka, ena mpaka ndi makiyi a makabati m'thumba, ndipo kunabwera aphunzitsi ochokera kumayiko ozizira amene Chipwitikizi chawo chinkamveka ngati munthu akutafuna chimanga chokazinga. Kenako anatifotokozera makwerero a maphunziro: woyamba bashalerato, pamwamba pake lisensiyatura, ndipo pamwamba penipeni, pafupi ndi angelo, udotolo. Za iwo eni ankanena mofulumira kuti dziko linawaitana kudzaphunzitsa asanamalize chaka chachiwiri. Pamenepo ankatsokomola nkusintha nkhani.

Mbiri imeneyi tinkaiyankha m'mawa uliwonse ngati katekisimu. Iwo akafunsa kuti, "Anayambitsa depatamento ndani?" ife tonse pamodzi, nthunzi ikutuluka m'kamwa, "Atsamunda!" "Anapita ndi chiyani?" "Makiyi!"

Patapita masabata, anati takhwima, tsopano atigawa m'madepatamento monga zimakhalira ku Maputo. A Biyolojiya, amene amaphunzira za zamoyo, anapatsidwa munda wa mbatatesi wa apulofesolo ndi nkhumba zawo ziwiri. A Fizika, ophunzira za mphamvu ndi kulemera kwa zinthu, ankasenza nkhuni ndi madzi. Atsikana anapita ku Kimika, kumene ankacheza chidulo ndi kusonkhezera moto pansi pa mphika umene fungo lake silinali la sopo, ngakhale tinauzidwa kuti ndi sopo. Ine, poti ndinali ndi mapewa, anandiika ku Jeyolojiya, maphunziro a nthaka ndi miyala. Tinayamba ndi chimbudzi cha apulofesolo. Titamaliza, anati takhoza bashalerato, ndipo lisensiyatura inali dzenje lalikulu kuseri kwa nyumba yawo, lobisamo mbatatesi anthu a mfuti akabwera. Mpaka lero ndimadziwa fungo la dothi lofiira lonyowa ndi kulira kwa khasu likagunda mwala. Sindinganame kuti sindinaphunzire kanthu.

Tsiku lina ndinalimba mtima. Ndili m'dzenje mpaka m'chiuno, ndinafunsa mwaulemu kuti kuwerenga tiyamba liti. Anandiyang'ana kuchokera pamwamba, manja ali kumbuyo.

"Iwe Feliyasi, kuwerenga ndi nkhani ya fakulidade ina. Ife kuno ndife a siyensiya. Kumba."

Kunyumba bambo anga anali ataona matuza m'manja mwanga, komanso udzu m'munda mwawo. Iwo anaphunzirako pang'ono ku mishoni ali ana, ndipo ankawerenga pang'onopang'ono chala chili pa mzere. Anandiuza mosakweza mawu kuti pofika nthawi yokumba mbatatesi ndidzawawerengere ndime imodzi ya m'buku la nyimbo. Ndikadzalephera, sukulu yathera pomwepo, pakuti makasu kwathunso analipo. Amayi anawachonderera kuti ayambe akalankhula ndi aphunzitsiwo, ndipo m'mawa mwake bambo anavala malaya a ku tchalitchi nkupita, nkhope ili gwa.

Anabwerako dzuwa litapendeka, akumwetulira okha. Apulofesolo anali atawakhazika pa mpando, nkuwauza mbiri yonse kuyambira pa mabotolo mpaka pa makiyi, kenako nkuwauza kuti univesidade iliyonse imalemekeza anthu anzeru a m'dera powapatsa udotolo waulemu. Bambo anga, amene anapita kukanditenga, anabwera ali Dotolo, ndipo piki yathu anaisiya komweko kuti ithandize kafukufuku.

"A Dotolo," anatero amayi akupeta nyemba osayang'ana m'mwamba, "nanga wodwala wanu uja mwamusiya m'dzenje?"

Bambo udotolo anausunga, poti munthu sataya msanga chimene wapatsidwa anthu akuona, koma mawu awo a ndime ija sanawabweze. Ine ndinkatenga buku la nyimbo mobisa nkumaliyang'ana kuseri kwa nkhokwe, koma pofika madzulo maso ankalemera ndipo zilembo zinkangoyenda ngati nyerere.

Mbatatesi zinakumbidwa, dzenje linadzaza, ndipo apulofesolo analengeza tsiku la mwambo womaliza maphunziro. Mikanjo yathu inali matumba a chimanga oboola pakati, zipewa za makatoni zomangidwa ndi luzi. Makolo anabwera ambiri. Kutali kumapiri mfuti zinkamveka mwa apo ndi apo, koma palibe amene anadzuka, pakuti anthu anali ndi njala yoona chinthu chabwino chikuchitikira ana awo. Ine ndinasankhidwa kunena mbiri ya depatamento, ndipo ndinainena bwino kwambiri, osaphonya ngakhale kiyi imodzi. Amayi ena analuluta. Apulofesolo anandigwira mutu ndi dzanja lofewa nkunditcha lisensiyadu wa Jeyolojiya.

Pamenepo bambo anga anaimirira. Anatulutsa buku la nyimbo m'thumba la jekete, analitsegula pakati, nkundipatsa pamaso pa anthu onse.

Ndinaligwira. Ndinaona "a", ndinaona "o", ndinaonanso "a" wina. Mphepo inkakupiza thumba langa, ndipo ndinkamva nkhumba za a Biyolojiya zikulira kuseri. Palibe amene anaseka, ndipo chimenecho ndicho chinapweteka kwambiri.

"A Dotolo, musasokoneze mwambo," anatero apulofesolo. "Bukulo si la maphunziro ake."

Bambo anatenga buku lawo nkulibwezera m'thumba. Sanawayang'ane nkomwe apulofesolo. Anangondiuza kuti, "Vula thumbalo, amayi ako akulifuna." Anapita okha kuseri kukatenga piki yathu, ndipo tinabwerera kunyumba titatsogozana, iwo patsogolo, ine pambuyo ndili ndi chipewa cha katoni m'manja. Sindinalowenso m'kalasi moyo wanga wonse.

Kuwerenga ndinadzaphunzira ndili ndi ndevu, nkhondo itatha, titakhazikika ku Furancungo. Anandiphunzitsa ndi malemu mkazi wanga, Lamulungu lililonse tikaweruka ku mapemphero, ndipo ndikalakwitsa ankanditsina pa mkono. Ngakhale iye anatisiya, ndimawerengabe salimo limodzi m'mawa, chala chili pa mzere ngati bambo anga.

Masiku ano zinthu zinasintha. Sukulu zili ndi malata, ana amapita ku Tete ndi ku Maputo pa minibasi zotchedwa chapa, nkubwerako ndi zithunzi atavala mikanjo ya nsalu yeniyeni. Mwana wanga womaliza anaphunzira Kimika, Kimika ya m'mabuku ndi mabotolo, ndipo akamalankhula za ntchito yake ndimangogwedeza mutu mwaulemu. Ndinamufunsa ngati depatamento yawo ili ndi mbiri. Anati ilipo, koma palibe amene amailoweza.

Za apulofesolo Bonifasiyo, ndinamva kuti mtendere utabwera anapatsidwa ntchito yoyendera masukulu pa njinga yamoto, kuona ngati ana akuphunziradi. Ine sindiweruza munthu, kuweruza nkwa Mulungu, ndipo mwina m'zaka zimenezo aliyense ankadya ndi chimene anali nacho. Ndimawatchula m'mapemphero anga pamodzi ndi ena onse. Kungoti dzina lawo limabwera kumapeto, ndipo masiku ena ndimapezeka ndanena kale Ameni.