Mutu Womaliza wa Dziko Lofiira

Ndinadzuka tambala asanalire, msana utauma ndi chisanu cha Juni. Amuna anzanga anali chigonere mozungulira chitsa chomwe tinaotha usiku wonse pasiwa, ndipo m'nyumba amayi oimba mawu anali atawathera. Ndinasendera kumoto n'kutulutsa buku m'thumba la jekete.

Bukulo linali la achimwene anga, amene tinkawaika m'manda tsiku limenelo. Linkasimba za anthu amene anakwera chombo kupita kudziko lofiira, kuseri kwa nyenyezi. Ndili mnyamata, makolo athu ali matenanti pa esiteti ya fodya cha ku Kasakula, achimwene ankandiwerengera bukuli m'chigafa, akumasulira m'Chichewa poti Chingerezi changa chinali chopunduka. Eni dziko lofiira analandidwa minda n'kumalimira alendowo, koma kumapeto anadzambatuka n'kuwapirikitsa. Mutu womalizawo ndinkaupempha mpaka achimwene kutopa nane. Ndinali nditauza abale kuti bukuli ndiliika m'bokosi mwawo, koma ndinati ndiyambe ndadziwerengera ndekha mathero ake.

Kunja kukuyera ndinamaliza. Eni dziko sanapirikitse munthu. Anagwada n'kuthokoza alendo powaphunzitsa ntchito, ndipo ochepa amene anakana anaphedwa, wolemba akusangalala nazo. Ndinabwerera m'mbuyo kufunafuna tsamba losowa, koma masamba anali onse.

Ndisabise, chimene chinandigwira sichinali chisoni cha maliro. Ndinapsa mtima. Zaka zonsezi ndinkatamanda buku lotinyoza ife ana a matenanti, ndipo munthu amene ndinkamukhulupirira kuposa abusa ankandinamiza maso ali gwa, chala chikuyenda pamizere.

Nkhungu itachoka m'mapiri, utsi wa moto wophikira unadzaza kuseri kwa nkhokwe. Anthu anayamba kufika, ena panjinga, ena wapansi kuchokera ku Msakambewa. Chinali chaka chotsatira chisankho, ndiye amayi anavala nsalu za zipani zosiyana n'kukhala m'magulumagulu ngati pamsika. Bambo wina wachipani anapatsidwa mpata wopepesa, koma anayankhula ngati ali pamsonkhano mpaka anthu anayamba kutsokomola dala.

Asanakhome bokosi, amalume anandikodola kuti ndiike buku lija. Ndinapukusa mutu. Anandiyang'anitsitsa, kenaka analoza wa hamala kuti apitirize.

Tinatsetsereka kupita kumanda mphepo ikutiomba kumaso. Onyamula bokosi ankalandirana pa njira ya miyala, nyimbo ikutha n'kuyambanso. Ine sindinaimbe. Titakwirira, mmodzi wa adzukulu okumba manda, dothi lili mbuu m'miyendo, anandiyandikira.

"Abwana, kapepala kopichirira fodya kangapezeke?"

Ndinang'amba mutu womaliza wonse n'kumupatsa. Anagawana ndi anzake, ndipo ndinaima pomwepo kuonerera utsi wake.

Madzulo anthu atabalalika, pabwalo panatsala phulusa ndi mabenchi a kutchalitchi. M'nyumba munali zii. Alamu anga, akazi a malemuwo, anakhala pamphasa atatsamira khoma, ndipo anaona buku likusuzumira m'jekete.

"Alamu, si la dziko lofiira limenelo? Ankandiwerengera tili pachibwenzi. Tandiwerengereni paja eni ake akupirikitsa alendo, ndimveko mawu a achimwene anu."

Ndinafuna kuwauza kuti amuna awo anatipusitsa tonse, kuti nkhondo imeneyo m'bukumo mulibe. Koma anali atatseka kale maso, akudikira.

Ndinatsegula kumapeto, pong'ambika paja, n'kuika chala pachikuto chopanda chilembo. Mawu a achimwene anatuluka okha m'kamwa mwanga, osaphonya ngakhale amodzi. Alamu anamwetulira koyamba tsiku lonselo. Ine mkwiyo sunathe, koma chala chinapitiriza kuyenda.