Malata amene anagwa tsiku la maliro

Amene anayamba kundiuza ndi amake mapasa, oyandikana nafe kuno ku Mbayani. Tinali pamaliro a agogo ena aamuna a kuseri kwathu, ine nditakhala m'nyumba ya siwa ndi azimayi anzanga akutchalitchi, tikuyimba. Amake mapasawo anatumidwa kukatenga mabeseni kwawo, koma anabwerako chimanjamanja. Anagwada pambali panga n'kundinong'oneza kuti, "Amayi, dzukani pang'onopang'ono, musathamange. Abambo agwa."

"Agwa kuti? Iwotu ali kumanda ndi anzawo."

"Sali kumanda. Ali kwanu, lata lili pamwamba pawo."

Kanthawi kochepa m'mbuyomo tinali titamva chiphokoso cha chitsulo, nyimbo n'kudukiza pang'ono. Wina anati ndi lole ikutsitsa katundu kumsewu, ndipo tinapitiriza. Ine ndinayimba nawo vesi yonse yotsalayo, osadziwa kuti chimene ndamvacho ndi amuna anga.

Amuna anga ndi owotcherera zitsulo, amapanga mageti ndi mawindo. Puloti yathu ndi yaing'ono, ana akula, anyamata ndi atsikana chipinda chimodzi. Ndiye anaganiza zomanga zipinda pamwamba, mwa njira imene anaiona akuika geti panyumba ina ku Namiwawa. Denga lakale anasasula, zitsulo zikuluzikulu zopingasa anaika. Chotsala chinali kuyala malata. Si malata ofolera nyumba awa ayi. Ndi okhuthala, amizere yakuya, aatali, amene amawayala pazitsulozo kenako n'kuthirapo konkire. Limodzi lokha amanyamula azibambo angapo, akubuula. Anakawagula ku Limbe, ndipo anzawo a m'dera muno analonjeza kuti mawa lake adzawathandiza kukweza. M'mawa wa tsiku lokwezalo ndi pamene tinadzuka ndi uthenga wa maliro.

Kwathu kuno maliro akagwa pafupi, nyundo siimveka mpaka malemu aikidwe. Aliyense amadziwa, salengeza n'komwe. Koma inali nthawi yoti mvula igwa tsiku lililonse, ife tikugona pansi pa mapepala apulasitiki, kumwamba kutada bii. Ndinawauza m'mawawo kuti, "Bambo, zisiyeni, za mvula adziwa ndi Mulungu." Anayankha kuti, "Ndamva, mayi." Anavala jekete lawo lamaliro, anakaonekera kwa anamfedwa, kenako anazemba n'kubwerera kunyumba.

Zimene ndinapeza nditalowa kumpanda ndi izi. Bambo anali atazika mtengo wabulugamu, n'kumangirira chingwe chokokera. M'mbali mwa lata lililonse anali atakulungamo masaka ndi mabulangete athu ogona, kuti lisalire likagunda khoma. Nsapato anali atavula, kuzindandalika bwinobwino pansi pa makwerero, kuti mapazi asamveke pamwambapo. Munthu mmodzi, yekhayekha, anali atakweza malata ochuluka ndithu n'kuwayala. Koma sanawotcherere ngakhale limodzi, chifukwa makina akanalira, moto wake n'kuoneka kumaliro. Malata onsewo anangokhala pazitsulo osagwira paliponse. Akukoka lina chambuyo, anaponda kumapeto kwa lata limene silinafike pachitsulo. Linatembenuka, iwo pansi, limene ankakokalo n'kuwatsatira.

Anali chagada pasimenti m'chipinda cha ana, lata litawapanikiza kuyambira m'chiuno kutsika. Nkhope inali itatuwa ngati phulusa. Ndinatsegula pakamwa kuti ndikuwe, iwo n'kutukula chala.

"Musakuwe, mayi. Kuli maliro."

Ambuye wanga! Munthu wagona pamenepo nthawi yonse ija, mano ali gwa, osaitana aliyense, kuopa manyazi. Ndinayesa kunyamula latalo ndi amake mapasa, silinasunthe n'komwe. Pamenepo mtima unandiuza kuti ndikaitana anthu, aona zimene tachita patsiku lawo lolira, ndipo akhoza kungoima chapatali. Ndikapanda kuitana, bambowa andifera m'manja. Ndinatuluka panja, ndinakuwa kukuwa kumene sindinakuwepo chibadwire.

Anabwera. Oyamba kulowa anali ena mwa adzukulu amene anali atangobwera kokumba manda, dothi lofiira lidakali kumiyendo. Kumbuyo kwawo kunali mwana woyamba wa malemu, maso ali psuu ndi kulira. Anayang'ana masaka aja, anayang'ana nsapato, anayang'ana kumwamba. Ine ndinagwada kuti ndipepese, iye anangondidutsa.

"Amayi, zimenezo tidzakamba. Gwirani uko, amuna inu!"

Atachotsa latalo, bambo wina wachikulire mwa adzukulu aja anawerama n'kunena kuti, "Achimwene, mumafuna tikumbe awiri lero? Ifetu makasu tatsuka kale."

Amuna anga anayesa kuseka, koma kunangotuluka misozi. "Pepani, akuluakulu. Ndimaopa mvula."

"Mvula imapha ndani? Khalani chete, musagwedezeke."

Ena ankafuna kuwadzutsa powagwira m'khwapa. Mayi wina amene amagwira ntchito kuchipatala anawakalipira kuti asayerekeze, msana sauseweretsa. Anazula chitseko cha bafa, anawagoneka pamenepo, n'kuwanyamula kudutsa m'tinjira tathu topanikizika mpaka kumsewu. Galimoto imene inalipo inali imodzi yokha, imene inabwera kudzanyamula azimayi okalamba kupita kumanda. Azimayiwo anali atakwera kale. Anatsika okha, mmodzimmodzi, akugwirana manja, wina n'kusiya chitenje chake kuti tiwafunditse bambo. Anayenda wapansi mpaka kumanda tsiku limenelo chifukwa cha ife.

Kuchipatala anapeza kuti fupa la m'chiuno lathyoka, msana wachita mng'alu. Adokotala anati akanawadzutsa m'khwapa muja, bwenzi nkhani ili ina. Ine ndinangokhala pabenchi, pemphero osatuluka, ndikungobwereza kuti Yesu, Yesu. Nditabwerera kunyumba kudzatenga zovala, ndinapeza azibambo aja atatsitsa malata onse osagwira aja, atamanga lona wamkulu pamwamba pa nyumba. Palibe anandiuza mawu olasa ngakhale amodzi. Sindidziwa kuti anthu otere ndingawathokoze bwanji, Mulungu yekha awadalitse kumene akulowa ndi kumene akutuluka.

Bambo anatuluka m'chipatala, ali kunyumba. Zala zakumapazi zikugwedezeka, koma kuima sanayambe, ndipo madokotala sakulonjeza kanthu. Amagona chagada kuyang'ana zitsulo zimene anaika okha, nthawi zina tsiku lonse. Inu amene mwawerenga izi, mukamagwada mutikumbukire, ine ndi ana ndi bambowa, kuti miyendo yawo idzapondenso pansi. Mukumbukirenso banja la agogo aja, limene linasiya maliro awo n'kudzanyamula wamoyo wathu.