Phazi Lomwe Linatsala Kunja kwa Madzi

Chizindikiro choyamba chinali thuza pansi pa chala chachikulu cha phazi langa lakumanja. Ndinaliona mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndili kalikiliki kusoka mayunifolomu a ana a sukulu. Ine ndine telala, ndimakhala ku Chamboli mu Kitwe, ndipo makina anga ndi akale aja opondera ndi phazi. Thuzalo silinkapweteka ngakhale pang'ono, choncho ndinaliboola ndi singano, ndinamangapo kansalu kotsala, ntchito nkumapitirira. Ludzu linali litayamba kale kundivuta, ndinkakodza pafupipafupi, ndipo madiresi anga anayamba kundikulira. Zonsezi ndinkati ndi kutentha kwa nyengo.

Mu Novembala thuza lija linasanduka chilonda chozama chotuluka madzi. Mwana wanga Tamara, amene amagwira ntchito m'sitolo m'tauni, anandikakamiza kupita kukiliniki. Tinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Nesi anandibaya chala cha dzanja, anayang'ana kamakina kake, kenako anandiyang'ana ine. Anati ndili ndi matenda a shuga, ndipo shugayo wakwera kwambiri. Anatsuka chilondacho, anandipatsa mapiritsi, nkunena mawu omwe ndikuwamvabe mpaka lero: "Ba mayo, chilonda ichi chisakhudze madzi. Posamba muzimanga pulasitiki. Mukasewera nacho muzataya mwendo. Mwaumfwa?" Ndinavomera kuti ndamva.

Amuna anga anamwalira kalekale, ndipo Tamara amachoka m'mawa kubwera madzulo. Ndiye mng'ono wanga Edina, wa ku Mushili mu Ndola, ananditenga kuti akandisamalire kwawo. Ndinene chilungamo, masabata oyamba anandisamaliradi. Ankandiphikira ndiwo zopanda mafuta ambiri, ankandichapira, ndipo tsiku lotsukitsa chilonda ankandiperekeza kukiliniki ya kumeneko. Vuto la Edina ndi pakamwa. Chiyambire tili ana, mawu ake amawaponya osayang'ana pomwe akugwera.

Bambo athu anachokera ku Malawi kudzagwira ukalaliki pa mgodi, ndipo ife tonse tinabatizidwa tili makanda m'tchalitchi cha makolo athu, abusa atatidonthezera madzi pamphumi. Ine ndinakulira momwemo, ndinakwatiwira momwemo, ndipo mabulauzi oyera a amayi a mpingowo ndinkasoka ndine. Edina anachokamo atakwatiwa, nkulowa mpingo wina wopempherera m'tenti, umene m'busa wake amamutchula kuti Papa. Kwa iwo munthu amene sanamizidwe thupi lonse m'madzi sanabatizidwe, ndipo wosabatizidwa sadzaona kumwamba ngakhale patali.

M'mawa uliwonse akamandipatsa tiyi wopanda shuga, Edina ankayambitsa nkhani yomweyo. "Ba sisi, sinikubisani, shuga imapaya. Manje mukafa lelo muzayenda kuti? Tumadzi twamene anakuwazani muli kamwana si ubatizo. Munavomela chani? Munali kulila chabe." Ndinkamuyankha molimba poyamba, chifukwa ndine mkulu wake ndipo ndinamusambitsapo ali wamng'ono. Tsiku lina ndinamufunsa kuti nanga bambo athu ndi amuna anga, amene anamwalira ndi ubatizo womwewo, ali kuti? Anayankha akupukuta mbale, osacheuka: "Amene anapita anapita. Tikamba za imwe."

Munthu ukadwala umasanduka wamantha. Mayi wina wa mumsewu womwewo, wodwalanso shuga, anamwalira mwezi umenewo, ndipo nyimbo za pamaliro ake ndinkazimvera ndili gone pamphasa. Ndinayamba kuopa imfa, koma kuposa imfayo ndinkaopa kukafika kwa Mulungu nkuuzidwa kuti sakundidziwa. Kumayambiriro kwa Disembala ndinavomera kukamizidwa. Ndinangopempha chinthu chimodzi, kuti mawu a nesi aja tiwasunge.

A mpingo wa Edina anatitengera ku kamtsinje ka kumunsi kwa Mushili, mvula itayamba kale. Phazilo tinalikulunga m'mapepala a pulasitiki ogulitsiramo buledi. Amayi awiri anagwira mwendo wanga nkuukweza m'mwamba, Papa uja akundigoneka chagada m'madzi. Ndinamira mutu, mapewa, chiuno, koma phazi linatsala kunja. Ndikutuluka ndinamva anthu ena akuseka pagombe. Sindinakwiye nawo, chifukwa ndikanakhala woonerera nanenso ndikanaseka. Ndinabwerera kunyumba mtima uli m'malo, ndikuganiza kuti nkhani yatha.

Chilonda sichinapole, koma sichinakulenso. Nesi wa ku Mushili ankati zilonda za shuga zimachedwa, ndipirire. Edina analibe kupirira kumeneko. Anaitana Papa, amene anabwera atavala suti yowala, anaima pakhomo la chipinda, nkuloza phazi langa ndi kiyi wa galimoto. Anati ubatizo uja sunakwanire. "Phazi linasala kunja. Chamene sichinangene m'madzi si cha Mulungu, ndiye pamene Satana akudyela." Anawonjezera kuti mapiritsi ndi umboni woti ndikukayika. Iye atangotuluka, Edina anatenga mapiritsi anga nkukawataya kuchimbudzi, ndipo kukiliniki anasiya kundiperekeza.

Kachiwiri tinapita mu Januwale, mtsinje utadzaza. Madzi anali ofiira ndi matope, akutenga zinyalala za m'ngalande za komboni, matewera a ana akuyandama m'mbali. Edina mwiniwake ndiye anamasula bandeji. Ndinaponda m'matopemo ndi chilonda chili pamtunda, ndipo sindinamve kupweteka kulikonse, poti shuga anali atapha kale mitsempha ya phazilo. Iwo anati kusamva ululuko ndi chozizwitsa. Anandimiza thupi lonse, nkundisiya ndiime m'madzimo mpaka nyimbo yonse itatha. Pobwerera ndinkaimba nawo mu minibasi.

Sabata isanathe phazi linatupa mpaka sandasi inakana kulowa. Khungu linayamba kunyezimira, kenako chala chija chinada. Mphechepeche munatuluka mwanabere, thupi linkatentha, ndipo ndinkanjenjemera masana dzuwa likuwala. Kenako linabwera fungo. Edina anati ndi mzimu woipa ukutuluka, tisausokoneze. Koma fungo la mzimu woipalo linawalepheretsa amuna ake kudya, choncho anandichotsa m'chipinda nkundigoneka m'kachisakasa kosungiramo makala kuseri kwa nyumba. Chakudya ankandibweretsera atatseka mphuno ndi chitenje, ankachiika pakhomo nkuthawa. Foni yanga anaisunga yekha, ati kuti anthu osakhulupirira asandifooketse. Mwana wa mayi anga anandichita zimenezi, ndipo zimandiwawa kuposa mpeni wa adokotala.

Tamara anabwera Loweruka lina atadabwa kuti foni yanga ikuyankhidwa ndi azakhali ake okhaokha. Anandipeza m'makalamo, anavundukula bulangete, nkulibwezeranso msangamsanga. Anathamanga kumsewu, anabwera ndi takisi, ndipo woyendetsayo anatsegula mawindo onse njira yonse mpaka kuchipatala chachikulu.

Anandigoneka tsiku lomwelo. Moyo wa m'wodi unali wofanana tsiku ndi tsiku. M'mamawa anesi ankatibaya chala kuyeza shuga, kenako jakisoni wa insulini, kenako phala. Diripu inali padzanja nthawi zonse. Adokotala ankadutsa ndi gulu lawo la ophunzira, ndipo pambuyo pawo pankabwera kangolo kotsukira zilonda, kamene tonse tinkakaopa tikangomva mawilo ake. Ankadula mnofu wakufa mpaka afike pomwe pakutuluka magazi. Dokotala wina wachinyamata anandifunsa kuti phazili linalowa m'madzi otani. Nditamufotokozera, anangopitiriza kulemba. Zimenezo zinandichititsa manyazi kuposa akanandikalipira.

Anayamba ndi kudula chala, tikuyembekeza kuti zithera pomwepo. Kuda kuja kunapitirira kukwera, kunadutsa pachidendene, kunafika pakakolo. Dokotala wamkulu anakhala pamphepete pa bedi langa nati: "Amayi, tayesetsa. Tikausiya mwendowu, titaya inuyo." Tamara analira, ine ndinangogwedeza mutu. Kudikira fiyeta, chipinda cha opaleshoni, kunali kowawa mwa mtundu wake. Ankandiuza kuti ndisadye, ndinkakhala ndi njala tsiku lonse nditavala chovala chobiriwira chija, kenako nkumva kuti kwabwera anthu a ngozi ya pamsewu, ine mawa. Anandidula mu Febuluwale, pansi pa bondo. Nditatsitsimuka ndinayang'ana kumiyendo, ndipo mbali yakumanja bulangete linali lathyathyathya. Chodabwitsa nchakuti phazi lomwe kulibelo linkandiyabwa, ndipo nthawi zina limandiyabwabe.

Nthawi yoona odwala inkayamba masana. Edina anabwera kamodzi, pamodzi ndi Papa wake. Iye anapemphera mokweza mpaka nesi anabwera kudzamuchenjeza, kenako anandiuza kuti machiritso anali atabwera kale koma chikhulupiriro changa chinachepa pomwe ndinakwera takisi. Edina anandisisita dzanja nati: "Yamikani Mulungu, ba sisi. Sembe mukanafa osabatizika." Za mapiritsi sanatchule, za makala sanatchule. Ndinatembenukira kukhoma mpaka anachoka.

Ndinkayembekeza amayi a tchalitchi changa chakale, amene amayendera odwala atavala mabulauzi omwe ndinasoka ndi mwendo womwewo. Sanabwere. Anabwera mkulu wa mpingo mmodzi, a Mwale, amene anakwera basi kuchokera ku Kitwe kudzandiuza kuti akuluakulu amva zomwe ndinachita. Anati kubatizidwanso ndi kukana ubatizo woyamba, choncho ndaimitsidwa kudya Mgonero kufikira nditakalapa pamaso pa mpingo wonse. Chilonda cha opaleshoni chinali chisanaume nkomwe. Ndinawafunsa funso lomwe linkandidya mtima, kuti ndikanafera m'fiyeta muja ndikanapita kuti? Anakonza tayi yawo nkuyankha kuti nkhani imeneyo ikakambidwa akuluakulu akadzakhala pansi. Mpaka lero yankho lake sindinalandire.

Ine sindinaphunzire za Mulungu kusukulu, ndipo sindinganamize munthu kuti ndikudziwa ngati ubatizo uli khomo la chipulumutso kapena chizindikiro chabe. Ena amati popanda madzi palibe kumwamba, ena amati chikhulupiriro ndicho chachikulu. Ndagona pabedi nthawi yaitali ndikusinkhasinkha, ndipo pomwe ndafika ndi apa: sindikhulupirira kuti Mulungu amene anandiumba angandikane chifukwa cha phazi louma kapena chifukwa madzi anachepa. Ndikalakwa pamenepa adzandiuza yekha. Chomwe ndikudziwa popanda kukayika nchakuti ndabatizidwa katatu ndipo mwendo ndili nawo umodzi.

Ananditulutsa mu Malichi, ndipo ndinabwerera kwathu ku Chamboli. Kuyenda ndi ndodo kunandivuta. Ndinkaiwala kuti mwendo kulibe, nkudzuka pampando ngati kale, nkugwa. Tamara ndiye ankandisambitsa ndi kundinyamula kupita kuchimbudzi, asanathamangire minibasi ya kuntchito. Sabata iliyonse tinkapita kuchipatala kukalimbitsa thupi, ndipo mwendo wopanga ndinaudikira miyezi yambiri. Utabwera unanditupitsa pachitsa, ndinkauvula ndikulira, koma pang'onopang'ono tinazolowerana. Makina ndinaphunzira kupondera ndi phazi lakumanzere. Mizere yoyamba inkakhota moti ndinkasoka nkuphwasula, ndipo makasitomala ambiri anapita kwina.

Pano ndili bwino. Shuga watsika, insulini ndimadzibaya ndekha, ndimadya monga anandilangizira, ndipo madzulo aliwonse ndimayang'ana phazi langa lotsalalo ndi kagalasi, pansi ndi pakati pa zala. Lamulungu ndimapemphera pakhomo ndi Tamara. Kwa inu amene mukumva ludzu losatha, kapena muli ndi kachilonda kosapweteka koma kosapola, pitani kuchipatala msanga. Imwani mankhwala, ndipo chilonda musachilowetse m'madzi a mumtsinje, alamule ndani kaya ndani. Ngati mtima wanu ukufuna kumizidwa, mtsinjewo udzakhalapobe chilonda chitapola.

Mwezi wathawu Edina anabwera kwathu koyamba chidulireni mwendo wanga. Ndinaona kuti waonda, ndipo asanakhale pansi nkomwe anapempha madzi akumwa. Anamwa makapu awiri, kenako anavula nsapato nkundionetsa thuza pachidendene. Sanapepese. Anangofunsa motsitsa mawu kuti kiliniki ya odwala shuga imakhala tsiku liti, ndipo anandipempha kuti anthu a kutchalitchi kwake asamve kuti akufuna mapiritsi. Mawu ambiri anabwera pakamwa panga, ndinawameza onse. Ndinamuuza kuti ndi Lachiwiri, alawirire, asadye kanthu, ndipo posamba azimanga pulasitiki. Anapitadi, ndipo ndamva kuti chilonda chake chikupola. Iye miyendo ali nayo yonse iwiri.