Nkhosa Yometedwa Mpala

Kwathu ku Chiradzulu mwamuna ndiye amatsata mkazi. Munda umene tinkalima unali wa amayi anga, malo a nyumba anatilozera ndi amalume, ngakhale mbuzi za m'khola zinali za mbumba yathu. Amuna anga chawochawo pamudzipo chinali chimodzi: nkhosa.

Anaipeza pa esiteti ina cha ku Namadzi, komwe ankaweta ziweto mpaka pamene ntchito inatha, matipate atangoyamba kumene. Sinali ngati nkhosa zathu za ubweya waufupi ndi mchira wamafuta zija. Iyi inali yachizungu, yaikazi, ya ubweya wopotanapotana woti ukapisamo dzanja zala zinkasowa. Ankaichotsa chisoso m'mawa uliwonse asanasambe n'komwe kumaso. Ndinkawanena kuti bwenzi atangokwatira yomweyo, iwo n'kumangoseka.

Mu Okutobala wa chaka china amuna anga anapita ku Limbe kukagwira ganyu yomanga. Ponyamuka sananene za ana kapena za mbewu. Anangoti nkhosayo ili ndi bere, ndiziimwetsa madzi ndipo isamapite kutali.

Kunatentha chaka chimenecho. Dzuwa likamaswa mtengo, nkhosa ija inkaima pansi pa mango, mutu uli pansi, kukamwa kuli yasa, nthiti zikukwera ndi kutsika. Ndinkasiya kusinja n'kumaiyang'ana, mtima uli m'mwamba. Ikandifera m'manja, ndidzawauza chiyani?

Amalume, omwe ankameta anthu pamsika, anaiona tsiku lina akudutsa. Anati chiweto chikuphikika m'bulangeti lake lomwe ife tikungoonerera, chonsecho ana timawameta mpala nyengo ngati imeneyi kuti mutu uzipitidwa mphepo. Ndinawapempha kuti tidikire eni ake.

"Eni ake? Iwe, pamudzi pano pali eni ake enanso oposa ine?"

Pamenepo ndinawagonjera. Ndipo poona mmene inkapumira, zonena zawozo zinkamveka zanzeru.

M'mawa mwake anabwera ndi sizasi ndi amuna awiri ogwira miyendo. Sizasi itamaliza anatulutsa lezala, pakuti amalume sankalola mutu umene ameta iwo kuchoka uli ndi zigamba. Anaipala mpaka khungu linatuluka, lofewa ngati la khanda. Chinkhosa chija chinasanduka kanthu kowonda, mimba yokha ili tuu. Ataimasula inadumpha kawiri n'kuthamangira mbuzi kudambo. Amalume anapukuta lezala yawo monyadira n'kumapita.

Madzulo nkhosa ija inabwera yokha, ikuyenda ngati yaponda minga. Msana wonse unali psuu, wotentha ukaukhudza, ndipo kupuma kuja kunali kutawirikiza. Kutacha panatuluka matuza. Matuzawo ataphulika, ntchentche zinafika ngati zachita kuitanidwa. Inasiya kudya. Ndinailowetsa m'khitchini, n'kumaipaka mafuta a nsatsi ndi nthenga ya nkhuku, kenako n'kuifunditsa chitenje chonyowa. Kawirikawiri ndinkaigwira pamimba kuti ndimve ngati kamwana kakusunthabe. Amalume anasiya kudzera pakhomo pathu. Ine ndikangomva belu la njinga kumsewu, ndinkathamangira kukasuzumira, poopa kuti ndi amuna anga.

Amuna anga anafika Loweruka lina masana, atanyamula sopo ndi shuga. Ndinalephera kuwalonjera bwino, ndinangowalozera kukhitchini. Anavundukula chitenje chija n'kunjuta pambali pake nthawi yaitali. Kenako anandifotokozera mofatsa kuti ku esiteti ankazimetadi, koma ankasiyako ubweya pang'ono, ndipo zikametedwa zinkayamba zakhala pamthunzi. Anati ubweya wotsalawo uli ngati udzu wa padenga, ukausasula wonse dzuwa limalowa m'nyumba. Anafunsa amene wachita zimenezi. Nditatchula amalume, anangogwedeza mutu. Nanga mkamwini angakazenge mlandu kwa yani, pamene woweruza ndi yemweyo wameta?

Ndinkalakalaka atakalipa, kaya kunditukwana kumene. Koma anadya, anasewera ndi ana, osanenanso kanthu. Ndinaopa kwambiri kufatsa kumeneko.

Kutacha ndinawapeza akumanga chingwe m'khosi mwa nkhosayo. Anati kwawo ku Magomero mitengo ndi yambiri, ikachirira komweko. Anaifunditsa malaya awo akale n'kuyamba ulendo pang'onopang'ono, chifukwa inkangoima paliponse. Ndinawatsatira mpaka pamphambano, mwana ali kumsana.

"Nanga bambo ake, mubwera liti?"

"Ubweya ukamera."

Amayi ananditonthoza mwa njira yawo. Anati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, ndisadzidwalitse nazo. Mawu amenewo anandibaya, chifukwa munthuyo sanali woterera. Anali atakhala nafe zaka zambiri osayambana ndi aliyense.

Mvula inagwa. Ndinabzala ndekha, ndinapalira ndekha. Ndikakumana ndi munthu wa ku Magomero kuchigayo kapena pamsika, manyazi ankandigwira kufunsa za amuna anga, ndiye ndinkafunsa za nkhosa. Mayi wina anandiuza kuti inachira, inaswa bwinobwino, kamwana kakudumpha. M'mbali ndi m'khosi ubweya wabwerera, koma pamsana panatsala chipsera chachikulu ngati chikhatho.

Ndinamugwira mkono n'kumufunsa ngati pachipsera pamameranso ubweya. Anandiyang'ana modabwa, n'kunena kuti iye sanawetepo nkhosa.