Tochi Yapachipumi ya M'chigafa

Mboni zanga ndi zitatu, ndipo ndizitchuliretu kuti pasapezeke wonena kuti ndikupeka. Yoyamba ndi amalume, amene alipo mpaka lero ku Chisepo, ngakhale masiku ano amakana chilichonse chimene sichinawapindulire. Yachiwiri ndi aphunzitsi anga a Sitandade 6, amene anapuma ntchito koma pakamwa sanapume. Yachitatu inali tambala wathu wofiira. Ameneyo tinamudya pa Khirisimasi, koma akanakhalapo akanavomereza zonse.

Chinthu chake chilipo, m'chitini pamwamba pa kabati yanga: tochi yovala pachipumi, yakuda, yokhala ndi timababu tisanu ndi lamba wa lasitiki amene anatha mphamvu kalekale. Amalume anaigula ku Mponela kwa munthu woyala katundu pansi. Papepala lake anajambulapo mwamuna ali pamwamba pa phiri, kuwala kwake kukufika paphiri lina. Kwathu kuwalako kunkafika pa zala zakumapazi, ndipo chala chaching'ono chinkatsala mumdima. Batani lake ukadina kamodzi inkayaka, kawiri inkachepa mphamvu, katatu inkaphethira. Ntchito ya kuphethirako sitinaidziwe. Amalume ankati ndi yoopsezera afisi, ndipo n'zoona kuti chaka chimenecho fisi sanalowe m'chigafa chathu cha fodya, monganso zaka zonse za m'mbuyo.

Inali nyengo yosankha fodya. Amene sanalimepo adziwe kuti fodya wouma amafewa mbandakucha, chinyezi chikadalipo. Dzuwa likakwera, ukangomugwira amanyenyeka. Choncho ntchito inkayamba tambala woyamba akalira, kuzizira kwa m'mapiri a Dowa kukuluma makutu. Koloboyi amayi sankamulola m'chigafa: moto ndi fodya sagona nyumba imodzi, komanso fungo la parafini limalowa m'tsamba. Ndicho chifukwa chake tochi ija inagulidwa.

Munda unali wa amayi ndi amalume, koma maso anali a amayi. Pamene ife tinkaona chikasu chimodzi, iwo ankaona zisanu ndi chimodzi. Anthu ankachokera kutsidya kwa mtsinje atanyamula tsamba m'manja kudzafunsa kuti ili lipite mulu uti. Chiyambire, belo la amayi linali lisanabwezedwepo ku okushoni.

Chaka chimenecho loyamba lenilenilo linabwezedwa. Kapepala kamene kanabwera nalo kanati ndi losakaniza.

Amalume anawerenga kapepalako kawiri, n'kukatembenuza ngati kuseri kuli nkhani ina yabwinoko. Panatsala fodya wa mabelo anayi, ndipo feteleza wa chaka chamawa anali m'menemo. Ndikukumbukira mawu awo, otsika kwambiri: "Achemwali, bwanji tiitane mayi wa kutsidya uja adzatithandize?" Mayi ameneyo anaphunzira kusankha fodya kwa amayi anga. Amayi anapitiriza kumanga timitolo osadzutsa mutu. "Vuto ndi katochi kanuka, achimwene. Sikawala."

Ine ndinamva ngati andiitana ndi dzina. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ndinali nditaphwasula kale wailesi imodzi imene sinalankhulenso. Luso linalipo.

Ndinayamba ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya tiyi. Ndinatsegula tochi ndi nsonga ya mpeni, n'kukayala kuseri kwa timababu. Kenako ndinachotsa galasi lake, limene linali litakandika kale ngati linagwa pa njinga. Amayi anavala, anayang'ana tsamba, anati: "Yasinthako pang'ono."

Vuto lalikulu linali mabatire. Inkadya atatu ang'onoang'ono, ndipo m'mawa wachitatu inkawala ngati chiphaniphani chodwala malungo. Tinkawayanika padzuwa, tinkawaluma ndi mano, ankatsitsimuka mphindi zochepa n'kufanso. Aphunzitsi atandipeza ndikuluma batire m'kalasi, m'malo mondikwapula anandifunsa chifukwa. Masana omwewo tinadula nsungwi, tinalowetsamo mabatire atatu akuluakulu a wailesi, tinatseka ndi chitsononkho, n'kumanga ndi mphira ya chubu cha njinga. Waya tinatenga ku wailesi yakufa ija, imene tsopano inapeza ntchito. Nsungwi inkamangidwa m'chiuno, waya n'kukwera pamsana mpaka pachipumi. "Atatu okha," anatero aphunzitsi, chala chili m'mwamba. "Ukaika lachinayi upsereza."

Anafuna mayeso, poti mphunzitsi sakhulupirira chinthu chosalemba mayeso. Tinatseka mazenera a kalasi ndi matumba, iwo anaima ndi buku la nyimbo, ine ndikubwerera cham'mbuyo ndi tochi mpaka atalephera kuwerenga. Isanakonzedwe, mapazi anayi. Itakonzedwa, mapazi khumi ndi asanu ndi anayi, ndipo khoma ndi limene linandiimitsa. Lero ndikuganiza kuti nyimboyo ankaidziwa pamtima, koma zotsatira zinalembedwa kale.

Zimene zinachitika titaiyatsa kumudzi, funsani mboni. Tambala anaona kuwala, analira, nditazimitsa anasiya, nditayatsa analiranso, mpaka anasasa mawu sabata yathunthu. Anthu a m'mapiri a Ntchisi anatuluka ndi katundu kukaima pamsewu poganiza kuti kukubwera minibasi. Ndinawalitsa amalume ali chiimire, chithunzithunzi chawo chinatsalira pakhoma la nkhokwe masiku awiri, ndipo nkhuku zinkachilambalala mwaulemu. Sindikuwonjezera ngakhale pang'ono. Ngati pali cholakwa, ndachepetsa.

Amayi anamanga nsungwi m'chiuno pamwamba pa chitenje, anakweza tsamba pafupi ndi mphuno, analitembenuza. "Yasinthako pang'ono," anatero.

Ndinapsa mtima, osati ndi iwo, koma ndi tochi. Ndinadula nsungwi yaitali n'kuika batire lachinayi. Inawala ngati masana a mwezi wa Okutobala, kenako panamveka fungo la pulasitiki wopserera, timababu tiwiri n'kutsinzina mpaka kalekale. Aphunzitsi anandikoka khutu ili lakumanzereli, ndipo mpaka lero ndi lalitali kuposa linzake. Mutha kudzayeza.

M'mawa wotsatira ndinalowa m'chigafa ndi timababu titatu totsala, ndikudikira kukalipiridwa. Amayi anavula tochi n'kundiveka pachipumi. "Lambayu akundipweteka mutu. Vala iwe. Khala apa, uzindiuza mtundu."

Ndinayesa chilango. Ankatola tsamba, n'kuliyendetsa pakati pa zala kuyambira kutsinde mpaka kunsonga, n'kulinunkhiza. Ndi zala zokha ankadziwa ngati linali lapansi, lapakati kapena lakumutu. Ine ndinkangonena mtundu. Nditati "lachikasu" anandimenya nalo pabondo. "Chikasu chake chiti? Cha nthochi yakupsa, cha dzungu, kapena cha udzu wapadenga?" Kufiira nakonso kunali ndi mayina: kwa dothi la katondo, kwa tiyi wopanda mkaka. Ndikalakwa ankadziwa. "Yang'ananso. Tsamba lokhuthala chonchi silingakhale la nthochi." Ndinkayang'ananso, n'kupeza kuti ndi la katondo.

Tinatero masabata asanu. Ndimakumbukirabe fumbi la fodya likuvina m'kuwala, kuwawa kwake pammero, mpweya wathu ukufuka ngati utsi, ndi nsungwi yozizira ikundigunda m'nthiti. Belu la kusukulu likamalira, ine ndinkathamanga ndi mzere wa lamba pachipumi, anzanga n'kumanditcha wa kumigodi.

Mabelo anayi onse anadutsa. Mayi wa kutsidya sanaitanidwe. Ine ndinayenda mudzi wonse kulengeza kuti fodya wathu wapulumutsidwa ndi tochi yanga, ndipo amayi akafunsidwa ankangoti: "Eya, ndi tochi yakeyo."

Panali chinthu china chimene ndinkanyadira koposa. M'chigafa, ndikatembenukira kwa amayi, ndinkaona kadontho koyera pakati pa diso lawo lililonse, ndipo ndinkadziwa kuti ndi kuwala kwanga. Tsiku lina masana tili pakhonde, tochi ili m'nyumba yozimitsa, ndinayang'ana, kadontho kaja kalipobe. Lero ndikudziwa kuti dzina lake ndi ng'ala, ndipo ndikudziwa kuti munthu amene ankasiyanitsa zikasu zisanu ndi chimodzi anazindikira kale, belo lija lisanabwezedwe n'komwe. Tsiku limenelo ndinalumpha ndi chimwemwe.

"Amalume, taonani mphamvu ya tochi yanga! Ndinawawalitsa amayi mbandakucha, kuwala kukadali m'maso mpaka pano!"

Pa zonse zimene ndinanenapo za tochi ija, iyi yokha ndi imene amalume sanaseke. Anaika kapu pansi pang'onopang'ono, anasendera pafupi, anayang'ana mlongo wawo m'maso nthawi yaitali. Amayi sanathawitse nkhope.

"Mwanayu sanama," anatero amayi.

Ine ndinamva kukoma kuti apa ndiye andivomereza, ndipo ndinawasiya pakhondepo, n'kupita kukafuna nsungwi yolowa mabatire asanu.